Chingwe Changa cha pa Chigafa

Lolemba

Zotsatira zabwera. Ndili ndi korona.

Mayi wa zaumoyo wafika panjinga, waima patali ngati wabwera kudzaona galu wachiwewe. Akuti popeza ndikupuma bwino ndichirire kunyumba, koma ndikhale pandekha masabata awiri. Thupi likutentha pang'ono, chifuwa chilipo, mphuno sizikumva fungo lililonse. Mkazi wanga Nabanda ali ndi shuga, ndiye m'nyumba sindingagonemo.

Ndasamukira m'kashedi kosankhiramo fodya, pafupi ndi chigafa. Katundu: mphasa, mabulangeti awiri, mpando, wailesi, kope ili.

Ndinene zoona, poti kope silikauza munthu. Ndakondwa. Chibwerere pamudzi pano kudzakhala mkamwini, ntchito yanga yaikulu yakhala kulonjera. M'mawa kulonjera, masana kulonjera, pochokera kuchimbudzi wina akufuna adziwe ngati waswera bwino. Lero boma lenilenilo landiletsa.

Ndakhoma zikhomo, ndazunguliza chingwe. M'kati mwalowa kashedi, chigafa chonse, mtengo wa mango ndi chimbudzi chakale. Dziko langa. Ndaliyendera malire onse manja ali kumbuyo.

Ntchito ilipo. Chigafa chikadali chodzaza ndi fodya, ndipo lole ya kalabu yathu ya alimi ikubwera Lolemba likudzali. Akuti ndi ulendo womaliza msika usanatseke. Fodya amene aiphonye akhala wa makoswe ndi chuku, ndipo feteleza wa dzinja likubwerali ali m'masamba amenewa.

Dongosolo:
kutsitsa fodya m'mamawa masamba akadali ofewa ndi mame, chifukwa akauma amangofumbutuka m'manja;
kusankha ndekha, tsamba ndi tsamba;
kumanga ndindi, timitolo ta masamba osankhidwa;
kudinda mabelo Loweruka;
osaona munthu.

Alamu anga a Banda, alongo ake a Nabanda, chaka ndi chaka amandiuza kuti ndiitane dima, anthu abwere kudzathandiza, ife tiwaphikire thobwa. Ndimakana. Anthu a dima amasankha fodya ndi pakamwa, osati ndi maso. Tsamba lofiira, lakuda, lobiriwira, zonse m'ndindi imodzi, nkhani ili pakati. Chaka chino ndili ndi chifukwa chochokera kuchipatala.

Dalitso lina: khola la nkhumba za a Banda lili kumene mphepo imachokera, ndipo takhala tikukanganirana fungo lake kuyambira ndevu zanga zili zakuda. Lero sizikununkha. Matendawa ali ndi mbali yake yabwino.

Lachiwiri

Ndadzuka ndi mame. Ndatsitsa mikangala ingapo, timitengo topachikapo fodya, kenako chigafa chayamba kuzungulira. Ndakhala pansi kudikira kuti chiime.

Nabanda wabweretsa chakudya. Wachiika pansi kuseri kwa chingwe n'kuchikankha ndi mkangala wopanda fodya. Tiyi ngati madzi osamba. Mbatata ngati chiguduli. Ndayamika. Ndamvetsera kapumidwe kake pamene amayankha. Sakutsokomola.

Pokonza dongosolo ndinaiwala chinthu chimodzi. Pamudzi pano munthu akadwala amazondedwa. Ine ndimati chingwe chiziuza anthu kuti abwerere. Iwo achiona ngati chikuwasonyeza pokhala.

Oyamba ndi amayi a kumpingo, atavala masiki a nsalu za zitenje, ena ofanana ndi mpango wa kumutu. Akhala pansi motsatira chingwe, motalikirana, mwadongosolo ndithu. Kenako malonje. Aliyense payekha: mwadzuka bwanji. Ine kwa aliyense payekha: pang'ono, kaya inu. Masiku onse malonje a odwala amachitika chapansipansi, mutu utawerama. Lero mtunda ndi masiki zatikakamiza kukuwa.

Azakhali ake a Nabanda, amene makutu awo anapuma pantchito kalekale, akuwa kuposa onse: "Nanga m'mimba mukuyenda?"

Ndayankha kuti mukuyenda.

"Akuti chiyani?"

Anthu aulandizana uthengawo m'mbali mwa chingwe mpaka wawafika. Pofika pano ndikhulupirira akudziwa ndi ku Chisemphere komwe.

Dzuwa litakwera, a Banda abwera, ayang'ana amayi ali padzuwa, ayang'ana mthunzi wa mango uli kwa ine wopanda munthu. Azula chikhomo chimodzi n'kuchikhoma chakuno.

"Odwala amafunika dzuwa, alamu. Mthunzi ndi wa alendo."

Mango apita.

Zimene andisiyira:
mandimu, odzaza lichero;
jinja;
masamba a bulugamu oti ndizifukiza;
mazira;
malangizo otsutsana, oposa mandimu.

Fodya wosankhidwa lero: wokwanira kubisamo nkhuku yaing'ono.

Lachitatu

Miyendo ngati ya munthu wina. Ndikusankha nditakhala pamphasa, msana utatsamira nsanamira.

Lero ndi tsiku la abambo. Abwera kudzazonda atanyamula bawo. Alonjera, afunsa za m'mimba, poti nkhani ija inawafika, kenako ayala bawo pansi pa mango anga akale. Chiyambireni palibe wayang'anako kuno. Ndikumva nkhomo zikugwa m'maenje ndi mikangano ya amene waba.

A Saidi, a golosale ku tuledi senta, afika panjinga yamoto atamangirira ndowa yampopi ndi sopo. Aika panjira yolowera kuti alendo azisamba m'manja. "Mukachira mudzabweze ndowayo. Sopoyo ayi." Munthu uyu ndimakangana naye za mtengo wa shuga wamutiyi mwezi uliwonse. Ndanena zikomo kawiri, kachiwiriko sanamve, injini inali italira kale.

Ndowa ija yafuna malo osalala. Malo osalala anali m'dziko langa. Chikhomo china chasuntha.

Masana. Mutu ukugunda. Tsamba lililonse ndikuliyang'ana nthawi yaitali osadziwa ngati ndi lofiira kapena maso anga ndiwo afiira. A Banda atsamira chikhomo, akuonerera.

"Alamu, pa liwiro limeneli mumaliza pa Khirisimasi. Tiitane dima."

Amene anali pa bawo aseka.

Ndaimirira. Ndawauza kuti chingwechi ndinamanga kuti ndipume, osati kuti chikhale bwalo la milandu. Ndati fodya ndi wanga, matenda ndi anga, ndipo ndafunsa ngati pamudzi pano munthu angaloledwe kufa mwamtendere.

Atola nkhomo, apinda mphasa, atsanzika mwaulemu woopsa, aliyense payekha. Azakhali afunsa kuti akamwini anena chiyani. Wina wawanong'oneza. Zimenezo amva ulendo umodzi.

Nabanda wabwera kudzatenga mbale. Wandiyang'ana pamwamba pa masiki. Watola mbale n'kupita. Bola akanalalata.

Lachinayi

Palibe wabwera.

Dongosolo layamba kuyenda. Ndalemba zimenezi kuti ndizione zili papepala, mwina ndingakondwe.

Zomwe zikumveka: njiwa, mphepo m'masamba a fodya, mtondo wa wina patali, ndi chifuwa changa. Sindimadziwa kuti chifuwa chimalankhula chonchi pakakhala popanda wina wolankhula.

Ndatsegula wailesi. Akuwerenga mauthenga a maliro. Ndatseka.

Ndatseka mochedwa. Maganizo alowa kale. Akuti omwalira ndi matendawa amaikidwa msangamsanga ndi anthu ovala zoyera mpaka kumaso, popanda kugona pasiwa, popanda nyimbo zotalika. Ndiye mkamwini amuika kuti? Kuno, kapena kwathu ku Lisasadzi kumene achibale otsala sandizindikira n'komwe? Ndadzipeza ndikumvetsera mpweya wanga ngati munthu womvetsera tayala la njinga pofuna pamene paboola.

Nkhuku yadutsa pansi pa chingwe. Ndaifunsa kuti yaswera bwanji. Ndinganame bwanji, ndadikira yankho.

Nabanda lero ndi wotanganidwa. Chakudya akukankha n'kuthawa. Ndamuona akupeta chimera, kenako mgolo uli pamoto kuseri kwa khitchini, kenako akulowa khomo ili, kutuluka, kulowa lina. Ndafunsa kuti kwagwanji.

"Munapempha mtendere, abambo. Ndi umenewu. Idyani usanazizire."

Ndayang'ana m'chigafa. Pamene ndachotsa fodya sipakuoneka n'komwe. Lolemba sindimaliza. Ngakhale Lolemba linalo.

Chakumadzulo, dzuwa likupendeka. Nkhumba ya a Banda, yaikazi yamawanga ija, yalowa m'dziko langa n'kuyamba kudya makoko a mbatata. Mlendo woyamba tsiku lonse, kupatula nkhuku ija. Ndaisiya idye.

Posakhalitsa eni ake afika, aima pachingwe, akuiitana ndi mawu opanda changu. Ndayesa kuipirikitsa. Sindinafike patali, mpweya wathawa, ndagwira nsanamira.

"Khalani pansi, alamu. Ituluka yokha ikakhuta."

Ndakhala. Nawonso akhala, mbali yawo. Taonerera nkhumba ikudya. Za dzulo sanatchule. Andiuza kuti mwana wa ng'ombe wa a Gondwe wabadwa ndi mchira wopindika, kuti mlatho wa kudambo wathyokanso, kuti mphepo ya chaka chino ndi yankhanza. Nkhani zopanda mutu. Ndazimeza zonse ngati mankhwala.

Ponyamuka ati, "Mawa musavutike kutsitsa fodya. Mame sagwa."

Kumwamba kuli mbee, mame agwa ndithu. Ndiponso chitseko cha khola lija amamanga ndi waya. Nkhumba simasula waya.

Lachisanu

Ndatuluka m'kashedi ndi mame, ndipo ndagundana ndi chingwe changa chomwe. Chili pakhomo. Chigafa chonse chili kunja.

Pabwalo pali anthu. Banja lililonse layala mphasa pake, awa pansi pa mango, awa kuseri kwa nkhokwe, awa m'mbali mwa mpanda, motalikirana ngati anakangana. Pandowa ya a Saidi pali mzere. Anyamata ali kale pamwamba akutsitsa mikangala. Mgolo wa dzulo uja unali thobwa. Ndinali pafupi nalo tsiku lonse, mphuno osandiuza kanthu.

Dima. Pafodya wanga. Popanda kundifunsa!

Ndayang'ana mayi wa zaumoyo, amene waima pambali manja atapinda, ndikuyembekeza kuti awabalalitsa. Wandipereka. Akuti Nabanda anapita kukamufunsa dzulo. Ntchito ichitikire panja, masiki asatsike, aliyense asambe m'manja, mabanja asasakanikirane, ndipo fodya amene ndamugwira ine akhale ndi ine. Wamaliza ndi kundiuza kuti ndikhale pansi.

Ndayesa njira ya malamulo. Ndati chigafacho ndinamanga ndine.

"Munamanga ndinu, alamu," atero a Banda, "koma nsanamira zake zaima pa dothi la amayi athu."

Mkamwini alibe apilo.

Pofuna kunditonthoza andipatsa udindo. Ndikhale pampando pafupi ndi chingwe, iwo azikweza tsamba m'mwamba, ine ndizinena gulu lake. Poyamba zayenda. Lofiira. Lakuda. Limenelo tayani. Kenako nkhani ya mpongozi wa a Gondwe yayamba, ndipo palibe wakwezanso tsamba.

Ndaona ndi maso anga tsamba lobiriwira likulowa m'ndindi ya ofiira. Ndatsegula pakamwa, chifuwa chandiyambirira. Pomwe ndimamaliza kutsokomola ndindi inali itamangidwa, ili pamulu, womangayo akuseka za mpongozi. Zonse zimene ndakhala ndikunena za dima ndi zoona. Ndikufuna zilembedwe.

Koma chigafa chikuonekera kuseri. Dzuwa likudutsa pamene dzulo panali mdima wa masamba.

Masana amayi ayamba nyimbo yogwirira ntchito. M'masiki ikumveka ngati akuimbira m'mtsuko. Akulowetsamo mayina a anthu, mmodzimmodzi, ndi zimene amadziwika nazo. Langa lalowa pamodzi ndi nkhani ya m'mimba ija. Ndaseka mpaka nthiti zapweteka. Chiyambire Lolemba nthitizi zimangodziwa chifuwa.

Nyimbo itatha ndaimirira kuti ndinene mawu pa zimene ndinalankhula Lachitatu. Ndangoyamba kumene, azakhali andidula osakweza ndi mutu womwe.

"Anali malungo amalankhula. Khalani pansi, mukutitchingira dzuwa."

Loweruka

Tsiku lodinda. A Gondwe abweretsa jeke yawo yodindira mabelo pangolo. Jeke ifuna malo olimba. Malo olimba otsala anali kutsogolo kwa kashedi.

Dziko langa tsopano: kashedi, mpando, ndi kanjira kopita kuchimbudzi, kopapatiza moti ndimayenda chammbali.

Fodya amene ndinasankha ndekha ndamuunjika pakhomo. Ndi wosankhidwa bwino kuposa wina aliyense m'dera lonse la Chulu. Ndindi zake zikufanana ngati ana amapasa. Sakudzaza ngakhale theka la belo. A Banda amusuzumira, anena kuti ndimusunge, akhoza kukhala mtsamiro wabwino. Pambuyo pake agwirizana kuti akhale padzuwa pomwepo, alowe m'belo lomaliza.

Jeke ikulira, anyamata akukoka, fumbi la fodya lili tolo. Aliyense akuyetsemula m'masiki, ndipo aliyense akayetsemula anzake akumuyang'ana. "Ndi fodya!" Mawu amenewa amveka tsiku lonse.

Nthawi ya thobwa. Kale chipanda chimodzi chinkazungulira bwalo lonse, womaliza n'kupeza zotsalira za ndevu za anzake. Lero aliyense watulutsa kapu yake ya kunyumba, kutembenukira kumbali, kutsitsa masiki, kumwa ngati akuba. A Gondwe akuti thobwa lomwera m'kapu yako silifika pamtima. Amwa makapu ochuluka pofuna kutsimikiza.

Langa labwera pamkangala. Ndalawa. Phala la madzi, lopanda mbiri. Ndati lakoma kwambiri.

"Mukunama," watero Nabanda, "koma zikomo."

Wakhala tsidya la chingwe akusoka chiguduli cha belo ndi singano yaikulu. Sitinalankhule zambiri. Wandifunsa ngati mabulangeti akukwana. Ndamufunsa ngati wamwa mapiritsi ake. Ndamvetseranso. Sakutsokomola. Tsiku lililonse limene latha osatsokomola ndikulipinda bwinobwino n'kulisunga.

Dzuwa lisanalowe chigafa chili mbee. Mikangala yokhayokha. Mabelo aima pamzere, osokedwa, dzina langa litalembedwa ndi dzanja la wina, chilembo chimodzi chitatembenuka. Ndachisiya choncho. Ndikuchira, kapena ndikukalamba.

Lamulungu

Thupi lazizira. Chifuwa chatsika. Njala yabwera, yeniyeni.

Mabelo ali m'chigafa, ofunditsidwa, akudikira lole ya mawa. A Banda ndiwo akwere nawo. Andilonjeza kuti akafika kumsika akanena kuti anasankha ndine. Ndawapempha kuti asatero.

Ndabwerera pa dongosolo la Lolemba.
Kutsitsa fodya: anatsitsa ena.
Kusankha ndekha: mtsamiro umodzi.
Kumanga ndindi: onani pamwambapa.
Kudinda Loweruka: zatheka, ine ndili pampando.
Osaona munthu: ndaona mudzi wonse, ndi nkhumba.

Atatuluka kutchalitchi anthu adutsira pano. Pemphero lalifupi, nyimbo imodzi, malonje aliyense payekha. Ndayankha onse, ndipo ndadzimva ndikufunsa za mwana wa ng'ombe uja. A Saidi adutsa panjinga yawo, aliza hutala, aloza ndowa, akweza chala chachikulu.

Yatsala sabata ina. Nabanda wandiuza kuti amayi abwera Lachiwiri, a bawo Lachitatu, azakhali tsiku lililonse. Sanandifunse maganizo. Ndilibe.

Omaliza kunyamuka ndi a Banda. Atati atsanzike, miyendo yanga yaimirira yokha. Sabata yonseyi alendo akhala akuchoka pano popanda wowaperekeza, chinthu chimene ngakhale ine, wodana ndi malonje, sindinachitepo pakhomo panga. Ndiye ndawaperekeza. Iwo mbali yawo, ine mbali yanga, chingwe pakati, tikuyenda pang'onopang'ono ngati tili ndi mtunda. Ulendo wonse watha tisanamalize nkhani ya mlatho. Kumene chingwe chathera ndi pakhomo la chimbudzi.

"Bwererani pompa, alamu. Mwatitaya kutali."

Ndaima pa chikhomo chomaliza ngati mbuzi yapachingwe, ndikuwayang'ana akupita. Mphepo yatembenuka, yachokera kwawo.

Poyamba ndimayesa ndi maganizo. Ndakokanso mpweya. Ayi ndithu. Nkhumba. Khola lonse, monga ndinalisiyira, mwina kuposa.

Ndawaitana. Atembenuka.

"Alamu, nkhumba zanu zikununkha."

Ayang'ana khola, ayang'ana ine. Kenako avula chipewa n'kukuwira kunyumba: "Mlongo, wachira munthu wako! Wayamba kudandaula!"

Nabanda watuluka m'khitchini chikho chili m'manja. Amene anali atafika kale kunjira abwerera. Akhalanso pansi motsatira chingwe, ndipo ndikuona azakhali akukonzeka kufunsa.

Khola lija tidzakambirana ndikatuluka. Lero ndasunthira mpando kumene mphepo ikuchokera.